Kusankha stock ya mfuti yosakira ndi kukonzeratu zodzasintha m'tsogolo

Stock ndi thupi lija la mfuti limene chitsulo chimagonamo, limene mumagoneka paphewa n'kutsamiritsapo tsaya. Ntchito yake ili pawiri: kumtunda iyenera kugwira chitsulo mosagwedera, kunja iyenera kukwana thupi lanu. Anthu ambiri amayamba n'kugula stock chifukwa yawakomera m'maso, kenako zina zonse n'kumazikakamiza kuti zilowemo. Komatu mkati mwa stock mumasemedwa motsatira action inayake (chitsulo chimene mpope umamangidwako), mpope wonenepa mwakutimwakuti ndi chitsulo chapansi (chogwira magazini ndi kutchinga chokhethemulira) cha mtundu umodzi. Ikangosemedwa yasemedwa, ngati nsalu imene telala wadula kale. Choncho mfuti yonse, monga mukufunira kuti idzakhale ikadzatha, iyambe yalembedwa papepala, ndalama zisanatuluke.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, chotsani magazini, tsegulani bolt (chitsulo chimene mumakoka n'kukankha polowetsa chipolopolo), muone ndi maso komanso mupise chala kutsimikiza kuti mulibe chipolopolo. Zipolopolo zikakhale chipinda china mpaka ntchito itatha. Funsaninso malamulo a dziko lanu. M'mayiko ambiri kusintha mpope, kusintha mtundu wa chipolopolo kapena kuika chochepetsa phokoso kumafuna chilolezo, ndipo kwina n'koletsedwa ndithu.

Choyamba: mfutiyi izikagwira ntchito yanji

Lembani nyama imene mumasaka, mtunda umene mumawombera nthawi zambiri, ndi kutalika kwa ulendo umene mumayenda mfuti ili paphewa. Mulembe zoona, osati zimene mumalakalaka. Mlenje amene amakwera mapiri tsiku lonse n'kuwombera kamodzi pa mamita 150 akufunika mfuti ina, ndipo amene amakhala pamalo amodzi, mfuti ili pa bipod (timiyendo tiwiri toimikira mfuti), n'kumayang'ana kutsidya kwa chigwa pa mamita 400, akufunikanso ina.

Kenako dziikireni malire a kulemera kwa mfuti yonse, sikopu (galasi lolozera) ili pompo. Tiyerekeze mwati makilogalamu 4. Ikani pasikelo zimene muli nazo kale: action ndi chokhethemulira, mpope, chitsulo chapansi, sikopu ndi mphete zake. Zonsezi zikakwana makilogalamu 3.2, ndiye kuti stock yatsala ndi magalamu 800 okha, ndipo mwadziwiratu kuti zolemera zonse zagwa, muyang'ana za carbon. Kupepukako kumabwera ndi vuto lake. Chipolopolo chomwecho chikawomberedwa mu mfuti ya makilogalamu 3 m'malo mwa 4, mphamvu imene mfuti imakankhira phewa imawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa chipolopolo cha 6.5 Creedmoor simungadandaule. Pa champhamvu ngati .300 Winchester Magnum mudzayamba kutsinzina musanakhethemule, ndipo mlenje amene wayamba kuopa mfuti yake amaphonya, stock idule bwanji.

Chachiwiri: dziwani action yanu

Action ndi chitsulo chimene bolt imayendamo, kumene mpope umamangidwa. Kunsi kwake kumasiyana fakitale ndi fakitale. Ngati simunagule, dziwani kuti mapangidwe a Remington 700, amene anatuluka mu 1962, ndi amene ali ndi ma stock, zokhethemulira ndi zitsulo zapansi zochuluka kuposa ena onse. N'chifukwa chake makampani monga Defiance, Impact Precision ndi Zermatt Arms amapanga ma action ofanana kunsi ndi 700, ndipo Bergara B-14 ya ku Spain imatsatiranso momwemo. Ngakhale zili choncho, musangouza wopanga stock kuti ndi ya 700 basi. Tchulani dzina lenileni la action, chifukwa pokhala chogwirira cha bolt, kabatani kotulutsira bolt ndi kunenepa kwa recoil lug zimasiyana. Milimita imodzi ndi yokwanira kuti chitsulo chisakhazikike.

Recoil lug ndi kachitsulo kamene kamalandira kukankha konse n'kukupereka ku stock. Pa Tikka T3x ya ku Finland kachitsuloka kamakhala mu stock momwemo n'kulowa m'kampata ka kunsi kwa action. Pa Howa 1500 ya ku Japan kanapangidwira kumodzi ndi action, ndipo kunsi kwake n'kwaphwatalala. Stock ya imodzi silowa inzake. Onaninso utali: pa mapangidwe a 700, .308 Winchester ndi 6.5 Creedmoor zimalowa mu short action, pamene .30-06, .270 Winchester ndi 7mm Remington Magnum zimafuna long action. Amanzere atchuliretu kuti ndi amanzere.

Chachitatu: ganizirani mpope wotsatira, osati umene ulipowu

Mipope imatha, makamaka ya zipolopolo za wonga wambiri. Tsiku lina mudzasintha, ndiye dzifunseni lero kuti mpope wotsatirawo udzakhala wonenepa bwanji. Ngalande imene mpope umagonamo imasemedwa motsatira kunenepa kwake, ndipo opanga amatchula miyeso yake ndi mayina monga sporter, Sendero, varmint ndi M24. Mipope yokutidwa ndi carbon, ngati ya Proof Research, ndi yopepuka koma yonenepa, ndipo imafuna ngalande yaikulu. Mukakayika, itanitsani yotakasukirapo. Mpope woonda m'ngalande yaikulu umangosiya mpata m'mbali, koma umawombera bwinobwino. Wonenepa m'ngalande yaing'ono umafuna kupala, ndipo kupala kwambiri kumafooketsa kutsogolo kwa stock.

Chitsulo chapansi chili ndi mitundu yakenso. Pali chokhala ndi kachitseko, chimene pa 700 amati BDL: zipolopolo zimakhala mkati, mukatsegula zimagwera m'manja. Pali cha magazini yochotsa, makamaka chosemedwa pa muyeso wotchedwa M5, cholandira magazini a mtundu wa AICS. Pa ulenje ine ndimakonda cha kachitseko, chifukwa palibe chotuluka pansi choti chikole m'tchire kapena chibaye msana mfuti ikakolekedwa, ndipo palibe magazini yoti igwe n'kusowa. Ubwino wa magazini yochotsa ndi kutsitsa zipolopolo mwachangu pokwera galimoto kapena podutsa mpanda. Chimene mungasankhe, yezani utali wa mkati mwake. Chipolopolo chathunthu cha .308 chimafika mainchesi 2.810, cha 6.5 Creedmoor 2.825, koma cha 6.5 PRC chimafika 2.955, ndipo m'magazini ambiri a short action chimathina. Chimafunanso bolt ya magnum. Amene ali ndi maganizo odzasamukira ku 6.5 PRC aziwerengere zimenezi stock isanasemedwe.

Chachinayi: ipangidwe ndi chiyani

Thabwa la walnut ndi lokongola, lofunda m'manja, ndipo sindinganyoze munthu amene walisankha. Koma thabwa limamwa chinyezi. Likanyowa limafufuma, likauma limabwerera, ndipo likangopindika pang'ono n'kukhudza mpope, pamene mfuti inkalasa mwezi watha si pamene ilase lero. Mungalithandize politsekera mkati monse ndi vanishi, ngakhale kuseri kwa labala wa kuphewa kumene ambiri amaiwala. Matabwa omatikiza, monga a Boyds kapena a GRS ya ku Norway, sasuntha kwambiri koma amalemera. Pulasitiki amene amabwera ndi mfuti zotsika mtengo vuto lake n'kufewa. Gwirani mpope ndi kutsogolo kwa stock m'dzanja limodzi, mufinye. Zikakhudzana mosavuta, zidzakhudzananso mukadzatsamira pa bipod.

Fiberglass ndi carbon sizisamala mvula kapena dzuwa. McMillan ya ku Arizona ndi imodzi mwa makampani amene anatchukitsa fiberglass kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo lero kuli Manners, AG Composites ndi ena. H-S Precision ndi Bell and Carlson amaika chimango cha aluminiyamu mkati, action n'kukhala pa chitsulo. Palinso chassis, chimango chachitsulo chimene mbali zake zambiri zimasunthika: HNT26 ya MDT ya ku Canada dzina lake linachokera ku kulemera kwake kwa maaunsi 26, pafupifupi magalamu 740. Chassis ndi yabwino ngati mfuti imodzi mumabwerekana anthu osiyana msinkhu, kapena mukufuna yopinda kuti ilowe m'chikwama. Koma chitsulo chimazizira m'manja, chimalira chikagunda mwala, ndipo mipata yake imakola udzu. Kwa mlenje woyenda pansi, ine ndingaloze stock ya fiberglass kapena carbon yokhala ndi mapilala a aluminiyamu, timachubu timene masikuluwu a action amadutsamo.

Chachisanu: iyezeni ndi thupi lanu

Apa musathamange. Yambani ndi utali wochokera pa chokhethemulira kufika kumapeto kwa labala wa kuphewa. Mfuti zambiri za ku fakitale zimakhala cha m'ma mainchesi 13.5, pafupifupi mamilimita 343, ndipo muyeso umenewu sukwana aliyense. Valani jekete limene mumapita nalo kokasaka, mukweze mfuti yopanda chipolopolo mwachangu. Ikakola chovala m'khwapa, yatalika. Chala chachikulu chikafika pamphuno, yafupika, ndipo tsiku lina sikopu idzakutemani pachipumi. Masikopu ambiri osakira amafuna diso likhale masentimita 9 kapena 10 kuchokera pagalasi. Yesani mutaimirira, mutakhala pansi komanso mutagona chafufumimba, chifukwa mukagona mutu umasendera kutsogolo. Sikopu ikhale pa mphamvu yake yonse yokulitsira, poti ndi pamene malo oika diso amachepa.

Kenako potsamira tsaya. Apa ndi pamene ma stock ambiri amalakwira alenje. Maonekedwe akale anapangidwira anthu oloza ndi tizitsulo ta pampope, pamene sikopu ya galasi la mamilimita 50 imakweza diso m'mwamba ndithu. Zotsatira zake munthu amatsamira ndi chibwano, mutu uli lendelende, ndipo kuwombera kulikonse diso limakhala pena. Yesani motere. Tsinzinani, kwezani mfuti, gonekani tsaya mpaka fupa la pansi pa diso litakhazikika, mulekerere khosi. Ndiye tsegulani maso. Mukaona chithunzi chonse chozungulira popanda mdima m'mbali, zili bwino. Mukaona mphete za sikopu kapena kumbuyo kwa bolt, potsamira patsika. Dulani timakatoni kapena siponji yolimba, muziike pamenepo ndi tepi, kagawo ndi kagawo, mpaka diso lizifika lokha pakati nthawi zonse. Yezani kuti mwakweza mamilimita angati, ndipo nambala imeneyo ndi imene mupite nayo kwa wopanga. Onetsetsani kuti bolt ikutha kutuluka kumbuyo osagunda pamene mwakwezapo. Potsamira posunthika ndi sikuluwu pamathandiza ngati mudzasinthe sikopu, koma pamawonjezera kulemera. Pa mfuti yokankha kwambiri, funani potsamira potsetsereka kutsikira kutsogolo, kuti mfuti ikabwerera m'mbuyo izichoka patsaya m'malo molimenya.

Chogwirira choimirira chimakoma mukagona pansi kapena mukawombera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), chifukwa dzanja silipindika. Chopendekera kumbuyo chimafulumira mukaimirira nyama itadzambatuka pafupi. Pa zonse ziwiri, nsonga ya chala ifike pa chokhethemulira popanda kudzitambasula, ndipo izikoka molunjika kumbuyo osati cham'mbali.

Kutsogolo kwa stock kukhale kolimba, kunsi kwake kwaphwatalala pang'ono kuti kukhazikike pachikwama. Ganiziranitu zimene mudzamangeko: pokolekera lamba, kachidutswa ka Picatinny ka bipod, ARCA ya tripod kapena mipata ya M-LOK. Muziitanitse stock ikupangidwa. Mkati mwa ma stock opepuka mumakhala zofewa, ndipo sikuluwu yobooleredwa pambuyo pake popanda chitsulo choigwira imazuka. Ngati malamulo akulolani kudzaika chochepetsa phokoso, kumbukirani kuti chimakoka mfuti kutsogolo, choncho stock yopepukitsitsa kumbuyo idzakulemetsani dzanja lakutsogolo.

Chachisanu ndi chimodzi: kugoneka action

Stock ikafika, musathamangire guluu. Ikani action, mumange masikuluwu, mulowetse pepala pakati pa mpope ndi stock. Liyende momasuka kuchokera kutsogolo mpaka pafupi ndi action. Ndiye ikani chala pamene mpope ndi nsonga ya stock zayandikana, mumasule sikuluwu yakutsogolo pang'onopang'ono. Mukamva mpope ukusuntha pachalapo, ndiye kuti masikuluwu akupinda action pomanga, ndipo mfuti yotere silasa malo amodzi. Mankhwala ake ndi bedding, kuthira guluu wolimba wotchedwa epoxy kuti action ipeze pogona pofanana ndendende ndi kunsi kwake.

Epoxy amene amisiri amakonda ndi monga Devcon 10110, Marine-Tex ndi Acraglas. Chotsani chokhethemulira. Kandani mkati mwa stock pamene epoxy agwire, makamaka kuseri kwa lug ndi pansi pa mchira wa action. Tsekani kabowo kalikonse ka pa action ndi dongo la ana loumbira zidole, chifukwa epoxy akalowa m'bowo n'kuuma, chitsulo chakhomereredwa mu stock. Pa lug ya mtundu wa 700, matani tepi kutsogolo, m'mbali ndi pansi, kusiya kumbuyo kokha, poti ndi kumene kuyenera kugunda. Kulungani tepi pampope malo awiri kuti ukhale pakati pa ngalande. Kenako pakani phula, ngakhale polishi wa nsapato wopanda mtundu, pa chitsulo chonse mpaka m'masikuluwu, kawiri, osadumpha pena paliponse. Pa ntchito yonseyi, kuiwala phula ndiko kulakwa kumene kungakuwonongereni stock.

Thirani epoxy, tsitsani action pang'onopang'ono, muigwire ndi tepi kapena labala, osamanga mwamphamvu ndi masikuluwu, chifukwa mukatero mwaumitsira kupindika komwe mumafuna kuchotsa kuja. Wosefukira m'mbali mupukuteni asanaume. Dikirani maola 24. Mukatulutsa, chotsani tepi ndi dongo, mukulitse pang'ono mabowo a masikuluwu kuti masikuluwuwo asamakhudze m'mbali. Kukankha ndi ntchito ya lug, osati yawo. Mapilala, timachubu ta aluminiyamu timene masikuluwu amadutsamo, amaletsa stock kuphwanyika mukamanga. Ngati ntchitoyi ikukuopsani, ipititseni kwa mmisiri wa mfuti. Palibe chochititsa manyazi.

Pomanga, imikani mfuti chilili, labala ali pansi, kuti lug ikhale pamalo pake, muyambe ndi sikuluwu yakutsogolo. Gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mukumangira. Pa stock ya chimango cha aluminiyamu ambiri amatchula ma inch-pound 65, pafupifupi 7.3 Nm, koma thabwa lopanda mapilala limafuna mphamvu yochepa kwambiri. Tsatirani nambala ya wopanga, muilembe, ndipo nthawi zonse muzibwerera pa nambala yomweyo.

Chachisanu ndi chiwiri: zosintha zibwere chimodzichimodzi

Musanasinthe kanthu, dziwani mmene mfuti ikulasira lero. Zipolopolo zitatu zimanamiza, chifukwa mwayi wokha ungaziike pamodzi. Womberani magulu angapo a zisanuzisanu pa mamita 100, mpope uzizizira pakati, ndi zipolopolo za mtundu umodzi. Kukula kwa gulu kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa MOA, ndipo MOA imodzi pa mtunda umenewu ndi pafupifupi mamilimita 29. Sungani mapepalawo, mulembepo tsiku, chipolopolo ndi mphamvu ya masikuluwu. Mukasintha zinthu zitatu tsiku limodzi mfuti n'kuyamba kumwaza, simudzadziwa cholakwa.

Yambani ndi zosalira ndalama: masikuluwu a action, a rail (kachitsulo kamene mphete za sikopu zimakhalapo) ndi a mphete. Mphete zambiri zimafuna ma inch-pound 15 mpaka 18 okha, ndipo kumanga mopitirira kumafinya sikopu. Kenako yesani mitundu ingapo ya zipolopolo, chifukwa mpope uliwonse uli ndi chimene umakonda. Pambuyo pake chokhethemulira. Timney ndi TriggerTech ndi mayina odziwika, ndipo pa ulenje kilogalamu 1.1 mpaka 1.4 ndi yokwana. Chopepuka kuposa apo n'choopsa zala zikazizira kapena mtima ukamagunda. Mukachiika, chiyeseni mfuti ilibe kanthu: tsekani bolt mwamphamvu kangapo, gunditsani labala pansi, ikani safety (loko woletsa mfuti kuwomba) n'kukoka kenako n'kuichotsa. Chikangokhethemuka chokha ngakhale kamodzi, mfutiyo isalowe chipolopolo mpaka mmisiri ataiona. Amene agula 700 yakale afufuzenso nambala yake, poti mu 2014 Remington inaitanitsa mfuti za Model 700 ndi Model Seven zokhala ndi chokhethemulira cha X-Mark Pro zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2014.

Stock ndi bedding zibwere pambuyo pa chokhethemulira. Sikopu yodalirika ndi mphete zolimba ndi zofunika kuposa penti wokongola, choncho ndalama zikachepa, chepetsani ku zokongoletsa. Rail yopendekeka ya 20 MOA ndi ya owombera kutali kwambiri. Pa mitunda ya ulenje wamba simuifuna.

Mpope ukhale womaliza, pokhapokha ngati watha kale. Posankha, onani kapotedwe ka mizere ya mkati: zipolopolo zazitali za 6.5 zimafuna 1:8 (kuzungulira kamodzi pa mainchesi 8), pamene .30-06 imayenda bwino ndi 1:10. Ngati kunsonga kudzamangidwe kanthu, tchulani mazinga ake, kaya 5/8x24 kapena M15x1. Muzzle brake, kachitsulo komangidwa kunsonga kwa mpope, imachepetsa kukankha koma imakulitsa phokoso koopsa, moti inu ndi amene waima pambali panu mufunika zotseka m'makutu ngakhale kutchire. Headspace, utali wa malo amene chipolopolo chimakhalamo bolt ikatsekedwa, iyezedwe ndi mageji a go ndi no-go, ndipo imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wodziwa.

Zonse zikatha, chokani pabenchi. Nyama imalandira chipolopolo choyamba chotuluka mumpope wozizira, ndiye womberani chimodzi chokha m'mawa pa masiku osiyanasiyana, papepala limodzi, muone ngati chikugwa pamodzi ndi gulu lija. Kenako jambulani bwalo lofanana kukula ndi malo a mtima ndi mapapo a nyama imene mumasaka, muwombere mutatsamira chikwama, mutakhala pansi ndiponso pa tripod, mukusendera m'mbuyo mamita 50 nthawi iliyonse. Mtunda womaliza umene zipolopolo zonse zalowa m'bwalomo ndiwo malire anu pa nyama yamoyo. Ndipo nthawi iliyonse imene action yatuluka mu stock, ngakhale pongoipukuta mvula, mangani pa nambala ija munalemba, mukawombere papepala musanapite kutchire.